Musanakumbe Dzenje la Nsichi Yoyamba

Inu amene mwamanga nyumba ku Cassacatiza ndipo mukufuna kutchinga pakhomo kuti mbuzi ndi nkhumba zisamalowe, dziwani kuti mpanda sukupatsani malo. Lamulo la Malo la dziko la Mozambique, nambala 19/97 la chaka cha 1997, limanena kuti nthaka yonse ndi ya Boma ndipo siigulitsidwa. Chimene banja lili nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene pa Chipwitikizi umatchedwa DUAT. Ufuluwu umapezeka polandira malo motsata mwambo, pokhala pamalo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10, kapena popempha ku boma. Ngakhale mulibe chikalata, umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi umavomerezedwa. Choncho mpanda uyenera kutsata malire amene mbonizo zikuwadziwa.

Itanani amfumu kapena anyakwawa pamodzi ndi anansi a mbali zonse, muyende nawo m'malire dzuwa likuswa mtengo. Pamene mwagwirizana khomanipo zikhomo, muyeze ndi chingwe, mulembe mamita ake ndi maina a amene analipo. Mayi wa pakhomo asasiyidwe kukhitchini tsiku limeneli, pakuti lamulo limapereka ufulu wa malo mofanana kwa mwamuna ndi mkazi, ndipo mawa akadzakhala wamasiye adzafunika kuloza yekha pamene malire adutsa. Njira ya kuchitsime kapena kumtsinje musaitseke: malamulo a chaka cha 1998 olongosola Lamulo la Malo amakakamiza mwini DUAT kupatsa njira mnansi amene alibe potulukira kupita kumsewu kapena kumadzi a anthu onse.

Ku Cassacatiza kuli nkhani ina imene midzi ya kutali ndi malire a dziko ilibe. Ndime 8 ya lamuloli imaika malo ena m'gulu lotetezedwa, ndipo mwa iwo muli dera la makilomita 2 kuchokera pa malire a dziko, mamita 30 mbali iliyonse ya msewu waukulu monga N9 wochokera ku Tete kukafika pa chipata cholowera ku Chanida m'dziko la Zambia, ndi mamita 15 m'mbali mwa misewu yocheperapo. Ndime 9 imati m'malo oterewa DUAT siiperekedwa. Chimene munthu angapeze ndi chilolezo chapadera cha ntchito yotchulidwa. Mabanja ambiri akhala pafupi ndi malire kuyambira makolo awo, ndipo mpanda wa tsekera suwaluzitsa zambiri ukazulidwa. Koma khoma la njerwa ndi simenti limadya ndalama za fodya za chaka chathunthu, ndipo kulimanga m'mbali mwa msewu umene tsiku lina ungakulitsidwe ndi kutaya thukuta. Musanawotche njerwa, kafunseni kwa mkulu wa posto kapena ku ofesi ya boma la Chifunde yoona za mapulani ndi zomangamanga, ya SDPI. Funsaninso za kusintha kwa malamulo, popeza mu 2022 boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya malo.

Mtundu wa mpanda utsate thumba lanu. Tsekera ndi nsungwi n'zosavuta kupeza, koma chiswe ndi moto wolusa sizizichedwetsa. Nkhadze ndi khonje zikagwira zimakhala zaka zambiri ndipo zimasunga malire bwino, ngakhale utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso mwa ana. Zibzaleni chamkati pang'ono, chifukwa zikakula zimatambalala n'kulowa kwa mnansi.

Tsopano za mmisiri. Musangomvera pakamwa pake. Pitani mukaone mpanda umene anamanga ndipo wapirira mvula ya zaka ziwiri, mufunse mwini wake mmene ntchito inayendera. Mukagwirizana, lembani papepala, ngakhale la m'kope la mwana wa sukulu: kutalika kwa mpanda m'mamita, msinkhu wake, kuya kwa maziko, pamene padzakhale chipata, amene adzagule simenti ndi waya, amene adzatute mchenga ndi madzi, ndi tsiku lomaliza ntchito. Poti pano ndi pa malire, tchulani ngati mtengowo ndi wa metikali kapena wa kwacha ya Zambia. Ngati malipiro ena ndi chimanga, lembani kuchuluka kwa zitini ndi mwezi wopereka, chifukwa chitini cha mu Meyi sichifanana mtengo ndi cha mu Januwale. Nonse awiri musaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri, aliyense asunge pepala lake.

Musalipire ndalama zonse ntchito isanayambe. Gawani patatu: poyamba, khoma likafika pakati, ndi pomaliza mutayendera. Simenti muisunge kwanu, muziwerenga matumba otuluka tsiku ndi tsiku. Mmisiri amuonetse zikhomo ndinu, ndipo mukhalepo pamene akukoka chingwe, chifukwa amisiri amakonda mzere wowongoka pamene malire a makolo amakhota potsata mtengo kapena chulu. Khoma likalowa kwa mnansi, woyankha mlandu ndinu.

Mmisiri akathawa ndi ndalama, kapena mnansi akadandaula, yambirani kwa amfumu. Zikakanika, pitani ndi pepala lanu ndi mboni zija ku khoti la m'mudzi, tribunal comunitário, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92.