Dzina la m'Kaundula

Mpikisano wa mpira wa masukulu ukayandikira ku Mulanje, mphunzitsi wa zamasewera amalowa m'mayesero. Ku Chitakale kapena ku Limbuli sikusowa mnyamata wamphamvu wothyola tiyi amene anasiya sukulu kalekale. Kumulemba m'timu n'kosavuta, koma malo amene iye watenga ndi a mwana wa Folomu 2 amene wakhetsa thukuta chaka chonse.

Kale zaka za wosewera zinali zongonena pakamwa. Mu 2009 bungwe la FIFA linayamba kuunika mafupa a pamkono a osewera osapitirira zaka 17, ndipo mu 2017 Amalawi a zaka 16 kupita m'tsogolo analembetsa ziphaso za unzika. Komabe pasukulu mboni yoyamba ndi kaundula wa m'kalasi. Mphunzitsi akalembamo bodza, chikho chikhoza kubwera, koma ana aphunzirapo kuti chinyengo chimapindulitsa.