Mwera sufika modzidzimutsa

Amayi anzanga a ku Lupembe, tsiku lina m'mwezi wa Juni kunja kukacha bwino, mudzakweze maso. Nthawi zina mudzaona timitambo toyera, topyapyala ngati nthenga, tikulowera kwina pamene mphepo imene ikuulutsa zovala pachingwe ikulowera kwina. Mmwambamo muli mphepo inanso imene ife pansi pano sitiimva.

Pa mtunda wa makilomita 9 mpaka 16 kuchokera pansi pamadutsa mphepo zamphamvu zoyenda m'mikwasa ngati mitsinje. Akatswiri amazitcha jet stream. Zimachokera kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo liwiro lake limatha kupitirira makilomita 200 pa ola. Oyendetsa ndege amazidziwa bwino. Ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Sydney imatenga pafupifupi maola 12 chifukwa mphepo imaikankha kumbuyo, koma pobwerera imatenga pafupifupi 14.

Mwina mukuti, ife osakwera ndege zikutikhudza pati? Zikutikhudza panyanja. M'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo za mmwambazi zimasendera chakuno kuchokera kummwera kwa dziko lapansi, ndipo zimayendetsa mpweya wozizira, wolemera, kudutsa kumunsi kwa South Africa. Mpweyawo ukafika ku nyanja ya mchere ya India umakhotera kumpoto, kudutsa ku Mozambique, n'kulowa m'chigwa cha nyanja yathu. Mapiri a mbali zonse ziwiri amaupanikiza, ndipo umayenda pamadzi mtunda wautali popanda choutchinga. Pofika ku Karonga mafunde amakhala atakula. Ndiwo mwera umenewo.

Ulendo wonsewu umatenga masiku. N'chifukwa chake a nthambi yoona za nyengo amatha kuchenjeza mwera usanafike. Sakuombeza ayi, akuuona ukubwera. Namondwe Freddy nayenso anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, mphepo za mmwamba n'kumuwolotsa nyanja yonse ya India, ndipo anafika kuchigawo chakummwera mu Malichi chenjezo litaperekedwa kale.

Pa ntchito yanga ya uzamba ndinalandirapo mayi kusikelo atavala zakuda, mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri. Bambo anapita ku usipa madzulo nyanja ili bata, ndipo bwato linapezeka lokha. Palibe mankhwala amene ndinaphunzira opatsa mayi wotere.

Ndikudziwa kuti kuletsa bambo kunyanja si nkhani yapafupi pamene m'nyumba mulibe ndiwo ndipo fizi ikudikira. Komabe wailesi, kaya ndi MBC kaya Tuntufye FM, nthawi zambiri imakhala pafupi ndi inu pamene mukuphika. Mukamva chenjezo la mwera, musalisunge. Uzani bambo, uzani mwana wanu amene wayamba kukoka nawo chilimira, tumizani uthenga kwa anzanu a m'Mphakati. Ndipo ngati m'bungwe lanu muli kathumba kothandizana, kambiranani pa msonkhano ukubwerawu ngati kangathe kugulira ufa banja limene bwato lake lagona pamtunda masiku atatu.