Alonda a pachipata nawo ali ndi mayina

Mwa mabuku onse omwe ndimaphunzitsa m'kalasi ya zolembalemba, omwe anthu amawapeputsa kwambiri ndi aja a nthabwala za m'maiko ongopeka, momwe muli amatsenga, malupanga olodzedwa ndi zinjoka zolavula moto. Makolo ena akangoona chikuto amati mwana akutaya nthawi. Ophunzira nawo amayesa kuti kulemba zotere n'kungosanja mawu oseketsa basi. Komatu pa luso lathuli, iyi ndi imodzi mwa ntchito zovuta zedi, ndipo ili ndi kagwiridwe kake.

Nthabwala ya mtunduwu imafuna owerenga omwe anazolowera kale njira inayake. J.R.R. Tolkien atatulutsa The Lord of the Rings mu 1954 ndi 1955, panadzabuka khwimbi la alembi omutsanzira, mpaka nkhani zinayamba kufanana. Mwana wamasiye wakumudzi sadziwa kuti ndiye mwini ufumu, nkhalamba yandevu imadziwa zonse, mfumu ya mdima ikufuna kulanda dziko, ndiye onse auyamba ulendo wautali. Owerenga akafika poti angathe kulosera tsamba lotsatira, wanthabwala wapeza polowera.

Njira yachidule ndi yomwe anatenga Henry Beard ndi Douglas Kenney mu 1969 m'buku lawo la Bored of the Rings. Anatsata nkhani ya Tolkien phazi ndi phazi, n'kusintha mayina a anthu kukhala a katundu wa m'masitolo a ku America. Anthu anaseka ndithu. Lero ena mwa katunduyo anaiwalika, ndipo nthabwala zambiri zinafera limodzi naye.

Terry Pratchett, Mngelezi yemwe anayamba ngati mtolankhani, anachita zina. Kuyambira mu 1983 mpaka 2015, chaka chomwe anamwalira, panatuluka mabuku ake 41 a dziko lotchedwa Discworld, dziko lafulati lokhala pamsana pa njovu zinayi zomwe zaima pa chikamba chachikulu. Luso lake linali lotenga chizolowezi cha m'nkhani zija ngati kuti ndi choona, n'kuchitsata mpaka kumapeto kwake. Nkhani zimati ngwazi ya lupanga sigonjetsedwa. Chabwino, nanga munthu wosaphedwa amathera kuti? Amakalamba. Ndi mmene anabadwira Cohen the Barbarian, wotsanzira Conan wa Robert E. Howard: mkulu wa zaka 87, wopanda mano, msana ukumuvuta, koma palibe mnyamata angamugwetse chifukwa wakhala moyo wake wonse akuphunzira kusafa.

Buku lomwe ndimalikonda kuposa onse pa mfundoyi ndi Guards! Guards! la mu 1989. M'nkhani zambiri za malupanga muli alonda omwe ntchito yawo ndi kuthamangira ngwazi mmodzimmodzi n'kuphedwa, popanda wowalira. Pratchett anawapatsa mayina ndi malipiro ochepa. Gulu la alonda ausiku mumzinda wa Ankh-Morpork latsala ndi anthu atatu, ndipo mkulu wawo, Sam Vimes, timamupeza ali lambalamba m'ngalande, mowa utamukwana, poti palibe amene amawerengera lamulo lomwe iye analumbira kuliteteza. Kenako pakubwera mnyamata wotchedwa Carrot, woleredwa ndi anthu aafupi a m'migodi ngakhale iye ndi wamtali pafupifupi mamita awiri. Ali ndi lupanga lakale komanso chibadwa chooneka ngati chisoti chachifumu. Wowerenga aliyense akudziwa tanthauzo la zizindikirozi, ndipo akudikira kuti amulonge ufumu. Mnyamatayo akungopitiriza kulondera misewu, buku la malamulo lili m'mutu, mpaka kukamanga mkulu wa bungwe la akuba. Chinjoka chikulanda mpando wachifumu, akuluakulu a mumzinda akuchigwadira msanga, ndipo otsala akulimbana nacho ndi alonda onyozeka aja. Timaseka, koma funso lakuti lamulo limakhala la yani mfumu ikakhala chilombo silituluka m'mutu.

Tsopano za kuseweretsa mawu, komwe ambiri amayesa kuti ndiye ntchito yonse. Piers Anthony wa ku America, yemwe anayamba mabuku a dziko la Xanth mu 1977, amatenga mawu a matanthauzo awiri n'kuwasandutsa zinthu zogwirika. Mawu a Chingerezi otchulira maloto oopsa amamveka ngati akunena hatchi yaikazi yausiku, choncho ku Xanth maloto oipa amabwera ndi mahatchi enieni. Owerenga ake amamutumizira nthabwala zotere ndipo iye amawathokoza kumapeto kwa buku. M'mabuku oyambirira zimakoma. M'ena apambuyo, mwa kuona kwanga, zimachuluka mpaka nkhani imaima kuti nthabwala zidutse, ngati ndiwo zomwe mchere wake wapitirira.

Yerekezani ndi Equal Rites la Pratchett la mu 1987. Mutuwo ukaumva ndi khutu umanena za ufulu wofanana, ukauona ndi maso umanena za miyambo. Nkhani yake ndi ya mtsikana yemwe walandira ndodo ya wamatsenga mwangozi, pomwe sukulu ya amatsenga silandira akazi. Matanthauzo onse awiri akugwira ntchito kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Muyeso womwe ndimapatsa ophunzira anga ndi womwewu: chotsa nthabwalayo, uone ngati nkhani yasowa kanthu. Ngati sinasowe, nthabwalayo inali yongokongoletsa.

Chichewa chili ndi zipangizo zokwanira pa ntchitoyi, ndipo sitikuzigwiritsa mokwanira. Tengani mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, omwe papepala amalembedwa chimodzimodzi. Wolemba waulesi angonena kamodzi n'kupita. Wolemba wakhama amanga mudzi momwe mitengo ikakwera pamsika, ya kudondo nayo imatalika usiku womwewo mpaka kutchinga dzuwa, ndipo mfumu ilemba ntchito mnyamata wa nkhwangwa kuti akaigwetse. Wolembayo akatero ayenera kuyankha mafunso ovuta. Ndani akuthirira mitengoyo? Ogulitsa akamuona mnyamatayo akunola nkhwangwa, amugwira bwanji? Nkhani imayambira pamenepo.

Kwa yemwe akufuna kulawa mabuku a Discworld, sindilangiza kuyamba ndi The Colour of Magic ngakhale ndilo loyamba. Limaseka alembi monga Fritz Leiber ndi Anne McCaffrey, ndipo ngati simunawawerenge, zambiri zikupitani pambali. Yambani ndi alonda aja, kapena Mort, lomwe linatulukanso mu 1987, momwe Imfa imatenga mnyamata kuti imuphunzitse ntchito, iyo n'kupita kukayesa ntchito yophika.