Ntchito ikatha, ena amathawira ku njinga yamoto yakale

Kalata yochotsedwa ntchito ikafika pakhomo, mafunso amachuluka kuposa mayankho. Ana adya chiyani? Lendi ichokera kuti? Nanga kandalama kolandira pomaliza kagwiritsidwe bwanji kuti kasangothera m'mbale?

Mabanja ambiri adadzifunsa mafunso amenewa m'chaka cha 2020 pamene mliri wa Covid-19 udagwedeza makampani, komanso mu 2022 pamene boma lidatseka Admarc kuti liikonzenso ndipo antchito ake adauzidwa kuti ntchito yatha.

M'matauni ngati Kasungu, Mchinji, Balaka ndi Luchenza, njira imodzi imene anthu otere amatsata ndiyo kugula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, kuikonza, n'kuyamba kabaza kapena kukaoda mbewu kumidzi. Ganizoli n'labwino, koma lagwetsapo ambiri chifukwa mtengo wa njinga yakale suthera pa ndalama imene mwapereka kwa mwini wake.

Ndalama yobwera kamodzi

Malinga ndi lamulo la za ntchito m'dziko muno, munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito amayenera kulandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira, a masabata atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi a masabata anayi pa zaka zapamwamba pake.

Izi zikutanthauza kuti amene wagwira zaka zisanu amatenga malipiro a masabata 10 okha. Ndalama imeneyi siibweranso. Ikathera pa njinga imene yangokhala pakhonde kudikira masipeyala, banja limatsala manja ali m'khosi.

N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kukambirana m'nyumba. Ndalama igawidwe patatu: yogulira njinga, yoikonzera pamodzi ndi mapepala ake, ndi yodyera pakhomo kwa miyezi ingapo njingayo isanayambe kubweretsa phindu.

Njinga yake iti?

Amene amakhala m'mbali mwa msewu wa kunyanja amazidziwa njinga zikuluzikulu za alendo ochokera ku Cairo kupita ku Cape Town, monga BMW ndi Honda Africa Twin, zimene zimadutsa ku Karonga ndi ku Nkhata Bay zitasenza mabokosi mbali zonse. Njingazi zidapangidwira maulendo ataliatali ndipo zimasiririka, koma zimalemera makilogalamu oposa 200 ndipo masipeyala ake ambiri ndi oitanitsa kunja. Kwa munthu amene alibe malipiro a pamwezi, imeneyo ndi ngongole yoyenda ndi matayala.

Njinga ya mtunda wautali imene Amalawi amaidziwa bwino ndi Yamaha AG200, imene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe akhala akuyendera kwa zaka zambiri. Idapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand, n'chifukwa chake tcheni chake n'chophimbidwa kuti chisadye fumbi ndi matope, komanso ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo. Inzake ndi Yamaha DT125, yopepuka, imene imafuna oilo wa 2T kuwonjezera pa petulo. Mabungwe akamasintha njinga, zakalezo amazigulitsa pa okushoni.

Palinso Lifo, SanLG ndi Boxer, zimene zadzaza m'masiteji a kabaza. Ubwino wake n'ngwakuti masipeyala amapezeka pafupifupi pamsika uliwonse.

Chikomekome cha mkuyu

Penti yonyezimira isakunyengeni, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choyamba kuona si injini ayi, koma mapepala. Manambala a pafelemu ndi painjini afanane ndi amene ali mu blue book, ndipo dzina la wogulitsa likhale lomwelo lili pachitupa chake. Ngati pali chokayikitsa, kafunseni kupolisi. Njinga zina zimalowa m'dziko muno mozemba msonkho wa MRA, zina n'zobedwa, ndipo zikagwidwa wolira amakhala wogula.

Kachiwiri, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mufike m'mamawa. Gwirani injini mumve ngati ndi yozizira, chifukwa njinga yotopa ikatenthetsedwa kaye imalira msanga n'kubisa matenda ake. Pa AG200, utsi wabuluu umasonyeza kuti injini ikudya oilo, mwina maring'i atha. Pa DT125 kautsi pang'ono n'kachibadwa.

Yang'ananinso pakhosi pa felemu. Ngati pali powotcherera, njingayo idachitapo ngozi yaikulu. Injini imakonzeka, koma felemu yopindika imakokera mbali imodzi moyo wake wonse ndipo imatha matayala.

Kukonza mwandondomeko

Ambiri amayamba ndi mpando watsopano, magalasi ndi wailesi. Dongosolo labwino limayamba ndi zimene zimasunga moyo: mabuleki, matayala ndi magetsi. Kenako oilo, pulagi, sefa ya mpweya ndi kutsuka kabureta. Nthawi zambiri njinga imene imaoneka ngati yafa imadzuka ndi zimenezi zokha.

Tcheni ndi masipuloketi azisinthidwa limodzi, popeza sipuloketi yakutha imadya tcheni chatsopano m'kanthawi kochepa. Kutsegula injini kukhale komaliza, makaniko atatsimikiza kuti palibenso njira ina.

Funsani mitengo ya masipeyala musanagule njinga. Pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idakwera nawo.

Pomaliza pali ofesi ya Road Traffic, kumene mukasinthitse umwini. Njinga yosapitirira 125cc imafuna laisensi ya A1, pamene AG200 imafuna ya A. Inshuwalansi ndi zipewa ziwiri, cha woyendetsa ndi cha wokwera, zilowenso m'bajeti.

Wogula amene wawerengera zonsezi n'kupeza kuti ndalama ya ufa ndi fizi ya ana ikutsalabe, angathe kupereka ndalama mtima uli m'malo. Ngati sikutsala, ndi bwino kudikira njinga ina. Okushoni idzabweranso, koma ndalama ya ntchito imene idatha sidzabweranso.