Kodi mumadziwa? Mtengo wa mawa umagulidwa lero

Kodi mumadziwa kuti pali msika wogulitsa ufulu wokha, katundu osaoneka? Mukasiya kandalama kwa landilodi ku Chelstone kuti akusungireni nyumba mpaka mwezi uthe, mwagula chimene a misika ya ndalama amati option. Mukafuna mudzalowa pa lendi yomwe munagwirizana, mukasintha maganizo chopita ndi kandalama komweko basi.

Ufulu wodzagula pa mtengo wokhazikika amati call, wodzagulitsa amati put, ndipo kandalama kolipiratu ndi premium. Mukuyesa ndi nzeru ya dzana? Aristotle analemba za Thales wa ku Miletus, amene anasungitsiratu zofinyira mafuta a maolivi zipatso zisanakhwime, zaka zoposa 2,500 zapitazo!

Nanga zoti Malawi inatchinga nayo njala? Mu 2005 boma la dzikolo linagula call ku Standard Bank, ya matani 60,000 a chimanga choyera, potsata mitengo ya msika wa SAFEX ku Johannesburg. Mitengo itakwera, chimangacho chinabwera pa mtengo wa pangano, ndipo m'matumba a makilo 50 ndiye matumba 1.2 miliyoni.

Ku SAFEX komweko kulibe zogula pa chitini. Pangano limodzi lokha la chimanga choyera ndi matani 100. Werengani bwino: matumba 2,000!

Mwamvapo za collar? Mlimi wamkulu amagula put kuti mtengo ukagwa asalire, n'kugulitsa call povomera kuti ukakwera kwambiri phindu lapamwambalo lidye wina. Ndalama yomwe walandira uku imalipira uko, moti nthawi zina chotuluka m'thumba mwake ndi ziro.

Mkuwa wathu nawo mtengo wake umaphikidwa kutali, ku London Metal Exchange, msika umene unayamba mu 1877. N'chifukwa chiyani pangano lotchuka kumeneko ndi la miyezi itatu? Ndiyo nthawi imene sitima yonyamula mkuwa inkatenga kuchokera ku Chile, ndipo mpaka lero pangano limodzi la mkuwa ndi matani 25.

Mukuti zikukhudzani bwanji inu a ku Kabwata? Pa madola 10 alionse amene Zambia imapeza pogulitsa katundu kunja, pafupifupi 7 ndi a mkuwa, ndiye mkuwa ukagwa kwacha imatsatira. Ooda katundu a ku Kamwala sadzaiwala 2015, pamene dola inachoka pa K6 ndi kanthu n'kupyola K12.

Tsono imvani za straddle: mumagula call ndi put pamodzi, pa mtengo umodzi. Msika ukwere kapena ugwe, inu mumadya, bola ugwedezeke kwambiri. Ukangokhala phee, mwaluza ma premium onse awiri.

Koma wogulitsa straddle ndiye amagona maso ali gwa. Nick Leeson ankagulitsa zimenezi ku Singapore poganiza kuti msika wa ku Japan ukhala bata, kenako chivomerezi chinagwedeza mzinda wa Kobe pa 17 January 1995. Barings, banki ya zaka 233 imene Leeson ankagwirira ntchito, inataya mapaundi 827 miliyoni, ndipo banki ya ING inaigula pa paundi imodzi!

Kodi ophunzira kwambiri ndiye sapsa? Myron Scholes ndi Robert Merton analandira mphoto ya Nobel mu 1997 chifukwa cha masamu owerengera mtengo wa ma option. Chaka chotsatira LTCM, kampani yomwe onse awiri analimo, inataya madola oposa 4 biliyoni.

Kuno kwathu Lusaka Securities Exchange inatsegulidwa mu 1994, ndipo imadziwika ndi masheya a makampani ngati Zanaco, Zambeef ndi Zambia Sugar. Msika wa ma option wa ku Chicago unaitsogolera ndi zaka 21, pakuti unayamba mu 1973. Tsiku loyamba anagulitsa mapangano 911 okha.

Ndiye wina akakutumizirani uthenga pa foni kuti ma option akulemeretsani sabata ino, mufunseni ziwiri. Zikavuta, ndiluza zingati? Nanga laisensi yanu ya Securities and Exchange Commission ili kuti? Akayamba kuzungulira, bwezani ndalama zanu m'thumba.