ZA MAPHUNZIRO APAMWAMBA: DZIRA, USIPA NDI DIGIRI YACHIŴIRI

Munthu wochokera pa boma la Mangochi akaoloka mtsinje wa Shire ndi kutsata mseu wa ku Makanjira, amafika pa Malindi, malo amene amadziŵika ndi mishoni ya Anglican, chipatala cha St. Martin's ndiponso sukulu ya atsikana ya St. Michael's. Cha kugombe amapeza matandala a usipa ndi utaka, amayi ena akufutsa, ena akuŵamba. Ana a sukulu amadutsa pamenepo m'maŵa ndi madzulo, koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti ntchito ya pa thandala ili ndi maphunziro ake, ofika mpaka pa digiri yachiŵiri. Maphunziro ameneŵa amatchedwa sayansi ya zakudya.

Kufunika kwake kunaoneka pa Malindi pomwepo. M'chaka cha 2018, akatswiri a ku College of Medicine pamodzi ndi anzawo a ku America anayambitsa kafukufuku wotchedwa Mazira m'midzi yozungulira chipatala cha St. Martin's ndi cha Lungwena. Anatenga ana 660 a miyezi ya pakati pa 6 ndi 9, naŵagaŵa m'magulu aŵiri. Ana a gulu limodzi ankalandira dzira tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, pamene a gulu linalo ankangodya monga mwa masiku onse. Chiyembekezo chinali chachikulu, pakuti kafukufuku wonga yemweyu m'dziko la Ecuador anali ataonetsa kuti dzira limachepetsa kupinimbira kwa ana. Kwathu kuno vutoli si laling'ono: kaundula wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira.

Zotsatira zitatuluka m'chaka cha 2019, zinadabwitsa ambiri. Ana odya mazira sanatalike kuposa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anaganizira chinali chakuti ana a m'mbali mwa nyanja ankadya kale nsomba, kotero kuti dzira silinaonjezere zochuluka monga linachitira ku Ecuador. Apa phunziro ndi lakuti yankho la dziko lina silingangonyamulidwa ngati mtolo wa nkhuni ndi kutulidwa pa Malindi. Pafunika anthu odziŵa mphika wa kwawo, amenenso ali ndi luso loyeza ndi kuŵerengera.

Tsono katswiri wa zakudya amachita chiyani? Iye amatsatira chakudya kuchokera pamene chakololedwa kapena kuvuulidwa mpaka pamene chafika m'mbale. Nsomba yaiŵisi imakhala ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a thupi lake, ndipo madziwo ndiwo amalola tizilombo tosaoneka ndi maso kuswana ndi kuiwoletsa. Kuyanika, kuŵamba ndi kuthira mchere zonse ndi njira zolanda tizilomboti madzi. M'dzinja, dzuŵa likabisala masiku angapo, usipa wa pa thandala umaonongeka, ndipo mayi amene anakongola ndalama zogulira nsombazo amabwerera kunyumba ali manja lende. Nchifukwa chake akatswiri anayesa nyumba za pulasitiki zoumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuŵa m'madoko monga Msaka ndi Cape Maclear. Enanso amalimbana ndi chuku cha m'chimanga ndi mtedza, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziŵika pambuyo pa imfa ya nkhukundembo zokwana 100,000 ku England m'chaka cha 1960, ndipo amaononga chiŵindi cha munthu.

Njira yofikira pa ntchitoyi imayambira ku sekondale. Wophunzira ayenera kukhoza bwino mayeso a M.S.C.E., makamaka Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi. Akasankhidwa, amakaphunzira zaka 4 kuti apeze digiri yoyamba. Malo odziŵika kwambiri pa maphunziro a zakudya ndi Bunda, ku Lilongwe, imene kale inali nthambi ya University of Malawi, koma kuyambira m'chaka cha 2012 ili pansi pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR.

Wofuna digiri yachiŵiri salindira kusankhidwa. Amalemba yekha kalata yopempha malo. Pamodzi ndi kalatayo amatumiza satifiketi ya digiri yoyamba, chikalata choonetsa m'mene anakhozera phunziro lililonse, ndiponso makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi ake kapena akuluakulu a kuntchito. Kaŵirikaŵiri amafunsidwanso kulemba mwachidule za vuto limene akufuna kufufuza. Apa mpamene ambiri amapunthwa. Wolemba kuti akufuna kuthetsa njala m'Malaŵi walonjeza zimene sangakwanitse; koma wofunsa kuti usipa wofutsa ungasungike masiku angati usanachite chuku wafunsa funso loyankhika. Mwana wa kunyanja ali ndi mwayi pamenepa, pakuti mafunso otere anakula nawo.

Nkhani ya ndalama nayo siyenera kubisidwa. Maphunziroŵa ndi olipira, ndipo kafukufuku amadya ndalama za maulendo ndi mankhwala oyezera. Ena amadzilipirira akugwira ntchito, ena amathandizidwa ndi mabungwe monga RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 2004 ndipo likulu lake lili ku Kampala. Wanzeru amayamba kufunafuna chithandizo asanalembe nkomwe kalata yopempha malo.

Maphunzirowo amatenga zaka ziŵiri. Chaka choyamba chimathera m'kalasi ndi m'chipinda choyezera, kuphunzira za michere ya m'zakudya, za tizilombo, za kasungidwe ndiponso za kaŵerengedwe ka zotsatira. M'chaka chachiŵiri wophunzira amachita kafukufuku wake moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, nalemba buku limene amakaliteteza pamaso pa akatswiri. Omaliza amapeza ntchito m'mafakitale a zakudya, m'maunduna a boma, m'sukulu za ukachenjede, kapena ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972.

Udindo waukulu uli m'manja mwa aphunzitsi a sekondale. Mtsikana wa Folomu 2 amene wauzidwa kuti sayansi ndi ya anyamata amatsekeredwa khomo limeneli asanalione. Koma mphunzitsi amene atenga ana ake kupita kugombe, naŵayezetsa kulemera kwa usipa waiŵisi m'maŵa ndi wouma patapita masiku aŵiri, ndiye kuti waŵayambitsa kale kafukufuku, pogwiritsa ntchito sikelo ya pamsika ndi kope la masamu basi.