Mtsinje wa Platte ku America: Momwe Zigawo Zitatu Zinagwirizanira Kusiyirako Mbalame Madzi

Mtsinje ukadutsa m'madera angapo, funso la yemwe ali mwini wa madzi ake silichedwa kubuka. Okhala kumtunda amafuna kuthirira minda, okhala kumunsi amadandaula kuti atsala ndi mchenga, ndipo zolengedwa zam'madzi ndi zam'mlengalenga zilibe woziyankhulira. Ku United States of America, zigawo za Colorado, Wyoming ndi Nebraska zinalimbana ndi funso limeneli kwa zaka zambiri pa mtsinje wa Platte.

Mtsinjewu umapangidwa ndi mitsinje iwiri, North Platte ndi South Platte, imene imayambira m'mapiri a ku Colorado ndi kukakumana ku Nebraska. Kale, chipale chofewa chikasungunuka m'mapirimo, madzi ankasefukira ndi kukokolola timitengo tomera pamchenga. Motero mtsinje unkakhala wotakasuka, wosazama, wodzaza ndi tizilumba ta mchenga. Malo otere ndiwo amakonda mbalame yotchedwa whooping crane, yoyera, yaitali miyendo ndi khosi ngati kakowa, koma yaikulu kwambiri. Chaka ndi chaka imauluka pakati pa Wood Buffalo ku Canada ndi Aransas ku Texas, ndipo panjira imapumula pa Platte. Usiku imagona choimirira m'madzi osazama, pomwe ingathe kuona chilombo chikali patali.

Zinthu zinasintha pamene anthu anamanga madamu ndi ngalande za ulimi wothirira. Damu la Pathfinder ku Wyoming linatha mu 1909, ndipo la Kingsley ku Nebraska linatha mu 1941. Kusefukira kunachepa, mitengo inamera pomwe panali mchenga, mtsinje n'kuyamba kupanikizika. Pa zifukwa zosiyanasiyana, kuphatikizapo ulenje, mbalame zimenezi zinali zitatsala pafupifupi 20 zokha m'chaka cha 1941.

Lamulo loteteza zamoyo zimene zili pafupi kutha, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, linabweretsa mavuto atsopano kwa ogwiritsa ntchito madzi. Aliyense wofuna chilolezo cha boma lalikulu pa damu kapena ngalande ankayenera kuonetsa payekha kuti sakuononga malo a mbalamezi, ndipo milandu inkatenga zaka. Poona kuti mutu umodzi susenza denga, zigawo zitatuzo ndi unduna wa boma lalikulu woona za malo ndi zachilengedwe anasainirana pangano mu 1997. Kukambirana kunatenga pafupifupi zaka khumi, ndipo ntchito yeniyeni inayamba mu Januwale 2007.

Panganolo linali ndi zolinga ziwiri zazikulu. Choyamba, kuteteza ndi kukonza maekala 10,000 a malo m'mbali mwa mtsinje pakati pa Lexington ndi Chapman ku Nebraska. Chachiwiri, kuonjezera madzi pakati pa makyubiki mita 160 miliyoni ndi 185 miliyoni pachaka pa nthawi imene zamoyo zikuwasowa. Kuonjezera pa whooping crane, ankafuna kuthandizanso timbalame tiwiri toikira mazira pamchenga, piping plover ndi least tern, komanso nsomba yotchedwa pallid sturgeon.

Chofunika kuchimvetsa bwino n'chakuti madzi ambiri mwa amenewa si atsopano. Ndi madzi omwewo amene asinthidwa nthawi yake yoyendera. Chigawo chilichonse chinapereka gawo lake. Ku Nebraska, m'nyanja ya McConaughy imene ili kuseri kwa damu la Kingsley, amapatula madzi ena ngati ndalama za m'buku la kubanki, ndipo amawatsegulira pamene mtsinje wachepa. Ku Wyoming anakonza damu la Pathfinder kuti libwezeretse malo osungira madzi amene matope anali atadzaza. Ku Colorado, pa malo otchedwa Tamarack, amapopa madzi pa nyengo imene achuluka n'kuwathira m'maiwe a pamchenga; madziwo amalowa pansi ndi kubwerera mumtsinje pang'onopang'ono, n'kufika pa nthawi ya kusowa.

Alimi, mizinda ndi makampani a magetsi nawonso anapindula. Popeza panganolo limakwaniritsa zofuna za lamulo m'malo mwa onse, ntchito zawo zimalandira chilolezo popanda milandu yaitali ija. Pa komiti yoyendetsa ntchito pamakhala nthumwi za zigawo zitatu, boma lalikulu, ogwiritsa ntchito madzi ndiponso mabungwe oteteza chilengedwe.

Ntchitoyi yaphunzitsanso kudzichepetsa. Akatswiri anaona kuti madzi okha sakwanira kuyeretsa mtsinje, choncho amagwiritsanso ntchito mathirakitala ndi mankhwala pochotsa mitengo ndi bango lachilendo. Anaonanso kuti timbalame tija timaswa bwino pa milu ya mchenga ya m'mbali mwa maenje okumbamo mchenga. Gawo loyamba litatha mu 2019 cholinga cha madzi chisanakwanire chonse, panganolo linatalikitsidwa mpaka 2032.

Lero gulu la whooping crane lodutsa pa Platte laposa mbalame 500, ndipo mu 2021 least tern wa m'deralo anachotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha. Kuchira kumeneku kuli ndi zifukwa zambiri, osati pangano ili lokha. Komabe, anthu amene ankakumana m'makhoti tsopano amakhala pa tebulo limodzi, ndipo pogawana madzi amawerengeranso gawo la mbalame.